Funsani za Mano: Chitsulo chokhala m'nsagwada n'chotani?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za implanti, kachitsulo kamazinga kamene amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kakhale muzu wa dzino loikirira. Tasankhapo asanu, ndipo akuyankha ndi madokotala athu a mano a muno mu Blantyre.

FUNSO: Zikomo adokotala. Ndinagwa pa kabaza wa njinga yamoto miyezi iwiri yapitayo, dzino lakutsogolo lakumwamba linaguluka ndi muzu womwe. Kuchipatala china cha mano andiuza kuti pali implanti ya titaniyamu ndi ina yoyera ya zikoniya, yokwererapo mtengo. Alamu anga akuti chitsulo chimachita dzimbiri m'thupi n'kuyambitsa khansa. Ndisankhe iti? Bambo wa zaka 34, Chirimba.

YANKHO: Pepani ndi ngoziyo, bambo. Chimene anthu amangochitcha implanti ndi zinthu zitatu. Pansi pali kasikuluwu kolowa m'fupa, kunenepa kwake mamilimita 3 mpaka 5, kutalika nthawi zambiri 8 mpaka 13. Pamwamba pake amamangapo kakhosi kotulukira pa usinini, ndipo pa kakhosiko ndi pamene pamavala dzino looneka lija. Zitatuzi sizichita kukhala za mtundu umodzi, choncho pofunsa muzifunsa chilichonse pachokha.

Alamu anu akuganiza za msomali wa pamalata. Titaniyamu sachita dzimbiri lotero. Akangokhudzana ndi mpweya amadzikuta yekha ndi kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kakhunguko ndi kamene fupa limamera n'kukagwira zolimba. Anatulukira zimenezi ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ataona kuti titaniyamu amene anaika m'fupa la kalulu wakanirira osatuluka, ndipo mu 1965 anaika implanti zoyamba m'kamwa mwa munthu. Kuchokera pamenepo anthu mamiliyoni akhala nazo, ndipo palibe umboni woti zimayambitsa khansa. Chitsulo chomwechi madokotala a mafupa amachigwiritsanso ntchito pomanga mafupa othyoka. Sichikokedwanso ndi maginito, choncho tsiku lina mukadzafunika kujambulidwa ndi makina a MRI, amene amagwira ntchito ndi maginito, simudzaletsedwa chifukwa cha dzinolo, kungoti muwauze ojambulawo.

Titaniyamu wa implanti amabwera wosasakaniza, amene amamutcha giredi 4, kapena wosakaniza ndi aluminiyamu magawo 6 ndi vanadiyamu magawo 4 pa 100, amene ndi giredi 5. Palinso wosakaniza ndi zikoniyamu pang'ono (chitsulo china, osati zikoniya woyera uja), wolimba kwambiri, amene amathandiza pamene fupa ndi lopapatiza ndipo pakufunika kasikuluwu kowonda. Onsewa ndi odalirika akachokera ku kampani yodziwika.

Zikoniya si chitsulo, ali m'gulu la zinthu zowotcha ngati mbale zadothi, kungoti ndi wolimba kutalitali. Fupa limamugwira bwino, ndipo kuyera kwake kumathandiza munthu wa usinini wopyapyala, amene titaniyamu akhoza kuonekera ngati kamthunzi kotuwa m'munsi mwa dzino. Koma chitsulo chikapanikizika chimayamba chagonjera pang'ono, pamene zikoniya amachita mng'alu n'kuthyoka, ndipo akathyokera m'fupa kumuchotsa kwake n'koboola fupa lomuzungulira. Implanti zambiri za zikoniya zimabweranso kasikuluwu ndi kakhosi zili chinthu chimodzi. Zikalowa mopendekeka, dokotala alibe powongolera, komanso kakhosiko kamakhala kali kunja miyezi yonse yodikira kuti fupa ligwire, lilime ndi chakudya zikukagunda. Zaka zimene zikoniya wayesedwa m'kamwa mwa anthu n'zochepanso poyerekeza ndi titaniyamu.

Kwa inu ife tingasankhe kasikuluwu ka titaniyamu, koma kakhosi ndi dzino zikhale za zikoniya. Mukatero mwapeza kulimba pansi ndi kuyera pamwamba.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu ndi fupa. Fupa lophimba mizu ya mano akutsogolo akumwamba ndi lopyapyala ngati chikhadabo, kwa anthu ambiri silipitirira milimita imodzi, ndipo ngozi yogulula dzino kawirikawiri imaliswa. Komanso dzino likachoka fupa limayamba kufota, mofulumira kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, ndipo pakutha chaka likhoza kuchepa mpaka theka m'mimba mwake. Musanapereke ndalama iliyonse, jambulitsani chithunzi cha CBCT chimene chimaonetsa kunenepa kwa fupa. Ekisire wamba amangoonetsa kutalika. Kasikuluwu kamafuna fupa losachepera milimita imodzi ndi theka mbali zonse, ndipo kutsogolo kukhale awiri. Likapereweza usinini umathawa m'mwamba, chitsulo n'kukhala pamtunda, kaya ndi chamtundu wanji.

FUNSO: Adokotala, ine ndikavala ndolo zogula pamsika wa Limbe makutu amayabwa n'kutuluka timadzi. Ngakhale chitsulo cha lamba wa wotchi chimanditulutsa zidzolo. Kodi implanti sidzandichita chimodzimodzi m'kamwa? Mayi wa ku Bangwe.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa, mayi. Chimene chimakuyabwani m'ndolo zotchipa nthawi zambiri ndi nikelo, nthawi zina kobati. Thupi lodana ndi nikelo n'lofala, makamaka mwa amayi oboola makutu. Kudana ndi titaniyamu kulipo koma n'kosowa kwambiri, ndipo kuyabwidwa ndi ndolo sikutanthauza kuti titaniyamunso akukanani.

Pochenjera ndi pa dzino lapamwamba lija. Mano ambiri otsika mtengo amakhala oyera kunja kokha, m'kati muli chigoba cha chitsulo chosakaniza nikelo ndi kolomu, kapena kobati ndi kolomu. Loterolo likhoza kufiiritsa usinini wolizungulira, kumamveka kuwotcha kapena kutulutsa tizilonda tosapola. Muwauze dokotala za ndolozo tsiku loyamba, alembe pa fomu yopita kwa opanga mano kuti lanu likhale la zikoniya yekhayekha. Lamulo lomweli ligwire ntchito mukafuna buliji (mano oikirira omangirira pa mano oyandikana nawo) kapena mano ovula okhala ndi tingowe tachitsulo. Ngati munayamba mwatupapo chifukwa cha chitsulo chimene anakuikani pa fupa lothyoka, pamenepo kaonaneni kaye ndi dokotala wa khungu akuyezeni, ndipo implanti ya zikoniya ikhoza kukhala yoyenera inu.

FUNSO: Ndili ndi matenda a shuga, ndimamwanso ma ARV kwa zaka 11. Mano awiri otafunira akumunsi anandichotsa atayamba kugwedera. Mnzanga akuti munthu ngati ine implanti siigwira pokhapokha ndigule yodula kwambiri. N'zoona? Bambo wa ku Ndirande.

YANKHO: Ayi bambo, mtengo wa chitsulo sukonza magazi. Tizione chimodzichimodzi.

Kachilombo ka HIV pakokha si choletsa. Munthu womwa mankhwala mokhulupirika, amene tizilombo sitikuonekanso m'magazi ndipo chitetezo chili bwino, implanti imamugwira pafupifupi mofanana ndi wina aliyense. Tengani zotsatira zanu zaposachedwa popita kwa dokotala wa mano. Muwauzenso mankhwala amene mukumwa, chifukwa tenofovir, amene ali m'mapiritsi amene anthu ambiri akulandira m'Malawi muno, amatha kuchepetsako mphamvu ya mafupa mwa ena. Si chifukwa chosiyira mankhwala, ayi ndithu, kungoti dokotala akadziwa amapereka nthawi yokwanira kuti fupa ligwire asanaikepo dzino.

Shuga ndiye amafuna maso. Akakwera, bala limachedwa kupola ndipo tizilombo timapeza danga. Kuyeza kwa pachala m'mawa sikokwanira. Pemphani kuyezedwa HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapitayo. Ikakhala cha pa 7 ndi bwino. Ikapitirira 8, madokotala ambiri amakuuzani kuti mukatsitse kaye, ndipo amene angakuikeni osafunsa n'komwe za shuga wanu mumukayikire.

Koma mawu amene tawagwira m'kalata yanu ndi akuti mano anachoka atagwedera. Dzino la munthu wamkulu likamagwedera popanda ngozi, kawirikawiri ndi matenda a usinini amene adya fupa, ndipo amayenda limodzi ndi shuga. Tizilombo timene tinagwetsa mano awiriwo tikadali pa mano otsalawo, ndipo tidzasamukira pa implanti. Pamenepo timawononga msanga, chifukwa dzino lobadwa nalo limamangidwa ku fupa ndi timinyewa tokhala ndi magazi oteteza, pamene implanti imangogundana ndi fupa basi. Usinini umafiira, umatuluka magazi potsuka, kenako mafinya, fupa n'kumasungunuka mozungulira mazinga, nthawi zambiri popanda kupweteka. Munthu amadzazindikira madzi atafika kale m'khosi. Choncho yambani ndi kuchotsetsa litsiro louma la m'mano ndi kuchiza usinini, mudikire magazi asiye kutuluka, kenako nkhani ya implanti. Ngati mumasuta, dziwani kuti fodya amachulukitsa pafupifupi kawiri mwayi woti implanti ikanike.

Pa mano akumunsi akumbuyo pali chinanso. M'kati mwa nsagwada mumadutsa mtsempha wopereka kumva ku mlomo wam'munsi ndi chibwano. Kasikuluwu kayenera kulekeza mamilimita awiri pamwamba pake. Kakaukhudza, mlomo umachita dzanzi, nthawi zina losatha. Dzanzi la jakisoni limatha pa maola ochepa, choncho likafika mawa lake bwererani tsiku lomwelo.

Owerenga ena amene akumwa alendronate wolimbitsa mafupa, kubayidwa zoledronic acid chifukwa cha khansa, kumwa warfarin woletsa magazi kuundana, kapena anawotchedwapo khansa ya m'mutu ndi m'khosi, anene zimenezi asanagone pampando. Mankhwala awiri oyambawo ndi kuwotcha kuja zikhoza kuchititsa kuti fupa loboolalo life m'malo mopola.

FUNSO: Dokotala wandiuza kuti fupa langa lachepa, awonjezerepo la ufa. Ndine Msilamu, ndiye ndikufuna kudziwa kuti ufawo amaupanga ndi chiyani. Mayi wa ku Kanjedza.

YANKHO: Funso lanu likhudzanso abale a Seventh Day ndi ena, mayi, ndipo kawirikawiri anthu sauzidwa. Ufa wofala kwambiri umachokera ku mafupa a ng'ombe, owotchedwa ndi kutsukidwa mpaka kutsala mchere wa fupa wokha. Ulipo wina wa nkhumba, wa hatchi, ndi wa anthu amene anapereka matupi awo. Kansalu kamene amaphimbira ufawo kuti usinini usalowerere, nthawi zambiri kamapangidwa kuchokera ku nkhumba. Muli ndi ufulu wopempha bokosi muwerenge nokha. Zolowa m'malo zilipo: ufa wopangidwa kufakitale wa kashiamu ndi fosifeti, tinsalu tosachokera ku nyama, kapena fupa lanu lomwe lopalidwa pang'ono kumbuyo kwa nsagwada. Nenani msanga, poti zinthuzi amachita kuitanitsa kunja. Fupa lowonjezeralo likakhala lambiri, limafuna miyezi 4 mpaka 6, nthawi zina kupitirira, lisanalandire implanti.

FUNSO: Anandiika implanti ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo. Tsopano dzinolo likugwedera ndikamadya nzimbe. Zipatala ziwiri muno m'tauni zandiuza kuti alibe chomangira chake. Nditani? Achimwene a ku Zingwangwa.

YANKHO: Choyamba siyani kutafunira mbali imeneyo lero lomwe, ndipo nzimbe, chimanga chokazinga ndi mafupa a nkhuku muzipewe. Kenako mujambulitse ekisire kuti tidziwe chimene chikugwedera. Nthawi zambiri ndi kasikuluwu kakang'ono kam'kati kolumikiza kakhosi ndi implanti kamene kamasuka. Imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa: dokotala amaboola kabowo pamwamba pa dzino, n'kuika kasikuluwu katsopano, n'kukamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu monga kampani inalembera. Mukazengereza, kamathyokera m'kati kapena kuwononga mazinga a implanti yeniyeniyo. Ngati chikugwedera ndi implanti yonse m'fupa, imeneyo siigwiranso, iyenera kuchoka, malowo apole.

Amene akukubwezaniwo sakunama. Makampani opanga implanti alipo ambirimbiri, ndipo aliyense ali ndi kapangidwe kake ka kakhosi ndi chomasulira chake, monga mmene sipeya wa Toyota sakwanira pa Nissan. Lemberani chipatala chimene chinakuikani akutumizireni dzina la kampani, mtundu wa implanti, kunenepa ndi kutalika kwake, ndi nambala ya pa bokosi. Ndi zimenezo dokotala wa kuno akhoza kuitanitsa chomangira choyenera. Musalole kuti akakamizepo kakhosi ka kampani ina kongofanana nako, chifukwa kamasiya kampata kosaoneka kosungira tizilombo ndipo kamamasukanso.

Aliyense amene akukonzekera kuikidwa, kaya kuno kaya kunja, apemphe kapepala komata kamene kamabwera m'bokosi la implanti, akamate m'buku lake la kuchipatala. Afunsenso ngati zipangizo za kampaniyo zimapezeka mu Blantyre, komanso ngati dokotalayo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Inu achimwene, dzino likamangidwa, dokotala aone mmene likugundirana ndi linzake, poti lotalikirapo pang'ono ndi limene limamasula kasikuluwu. Ngati akunyumba amati mumakukuta mano usiku, akupangireni chovala m'mano pogona. Mugule kamswachi kakang'ono kolowa pakati pa mano kotsukira m'mbali mwa implanti madzulo alionse, ndipo muzikaonedwa pakatha miyezi 6 iliyonse.