Funsani Tikuyankheni: Mwana ayambire gitala ya bokosi kapena yamagetsi?

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala kufupi ndi Kamwendo m'boma la Mchinji. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 14, wakhala akundiumiriza kuti ndimugulire gitala yamagetsi ngati imene anyamata amaimba ku tchalitchi kwathu. Malume ake akuti ndisayerekeze, chifukwa aliyense amayambira gitala ya bokosi kuti zala zilimbe, ndipo woyambira yamagetsi amakula ndi ulesi. Ndalama zimene ndapeza nditagulitsa soya ndi mtedza zingakwane chida chimodzi chokha, ndipo kunyumba tili ndi kasola koyatsira mababu ndi kutchajira foni basi. Kodi ndimvere ndani? — Mayi wa ku Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, komanso chifukwa chosapeputsa khumbo la mwanayo. M'mene zinthu zilili pakhomo panu, mugulireni gitala ya bokosi, ngakhale kuti chifukwa chake si chimene alongo anu akunena.

Palibe lamulo loti munthu ayambire ya bokosi. Magitala awiriwa onse ali ndi nsambo zisanu ndi imodzi, amatchunidwa mofanana, kuyambira nsambo yonenepa E, A, D, G, B mpaka E yaing'ono, ndipo malo amene zala zimagwira ndi omwewo, moti chimene mwana waphunzira pa ina amapita nacho pa inzake. Zoti yamagetsi ndi yofewa kuzala n'zoona. Nsambo zake ndi zopyapyala, ndipo zonse pamodzi zimakoka khosi la gitala ndi mphamvu ya makilogalamu 40 kapena 50, pamene nsambo zachitsulo za gitala ya bokosi zimafika cha m'ma 70. Koma kufewako si ulesi. Ululu wa zala suphunzitsa munthu kuimba, ndipo ana ena amasiyira panjira chifukwa cha ululu womwewo.

Chimene chikundichititsa kukulozerani ku ya bokosi n'chakuti gitala yamagetsi siyenda yokha. Thupi lake ndi thabwa lopanda mphako, ndipo mawu ake amatoledwa ndi timaginito tokhala pansi pa nsambo n'kutumizidwa pa chingwe kupita ku ampulifaya. Popanda ampulifayayo imangonong'ona. Tsono ndalama za chida chimodzi muzigawe pa gitala, ampulifaya ndi chingwe, mudzabwera ndi zinthu zitatu zosalimba. Kuonjezera apo, ampulifaya wamba amafuna magetsi a mavoti 230, amene kasola kanu sikangapereke popanda invata ndi batire lalikulu. Alipo maampulifaya ang'onoang'ono oyendera mabatire, koma sapezeka wamba. Gitala ya bokosi mwana angoinyamula n'kukhala nayo pakhonde akaweruka kusukulu, ndipo chida chimene chimagwiridwa tsiku ndi tsiku ndicho chimatulutsa woimba. Musaganizenso kuti ndi chida cha ongoyamba okha. Malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anatchuka mpaka kunja kwa dziko lino ndi gitala ya bokosi, ndipo a Madalitso Band akuyenda maiko lero ndi gitala ya nsambo zinayi pambali pa babatoni, chida chachikulu cha nsambo imodzi.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa kugula, chifukwa gitala ya bokosi yoipa ndi imene imapha chidwi cha mwana. Ngati n'kotheka, pitani naye ku Lilongwe, mutengenso mmodzi mwa anyamata oimba ku tchalitchi aja, ndipo m'thumba muikemo bokosi la machesi. Pakhosi pa gitala pali timizere tachitsulo totchedwa mafureti. Werengani kuchokera kumutu mpaka fureti ya nambala 12, pamene nthawi zambiri pamakhala timadontho tiwiri, ndipo muone mpata umene uli pakati pa kachitsuloko ndi nsambo yonenepa. Mpata woyenera ndi wa mamilimita awiri kapena atatu, wongokwana kamtengo kamodzi ka machesi n'kutsala pang'ono. Mukaona kuti timitengo tiwiri tosanjikiza tikulowa mosavuta, isiyeni gitalayo ngakhale ikhale yonyezimira chotani, pakuti mwana adzafunika kufinya ndi mphamvu zake zonse kuti nsambo igunde pa fureti, ndipo mawu adzatulukabe osokonekera. Kenako mnyamata mwamutengayo aike diso kumutu kwa gitala n'kuyang'ana motsata khosi ngati mmene mmisiri amayang'anira thabwa, kuti aone ngati silinapindike. Aonenso kathabwa kamene nsambo zimamangidwapo pamimba pa gitala: ngati kayamba kunyamuka moti pepala likulowa pansi pake, ndiye kuti guluu wayamba kulekerera. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa gitala ya kaunjika, imene ikhoza kukhala yabwino kuposa yatsopano yotchipa, malinga ikayesedwa motere. Pomaliza mwanayo aikhazike pamwendo. Ngati mkono wake wamanja ukuvutika kuzungulira thupi la gitala, funsani yathupi locheperapo.

Mukapeza yabwino, pemphani kuti aikemo nsambo zopepuka, zimene paketi yake imalembedwa 10 kapena 11, m'malo mwa 12 kapena 13 zimene magitala ambiri amabwera nazo. Mawu amachepa pang'ono, koma zala zimapuma. Palinso gitala ya bokosi ya nsambo za nayiloni, yofewa kwambiri kuzala, ngakhale kuti khosi lake ndi lotambalala ndipo mawu ake sali akuthwa ngati amene mwana wanu amawamva ku tchalitchi. Mukagula yoteroyo, wina asadzakunyengeni kuikamo nsambo zachitsulo, chifukwa sinapangidwire mphamvu imeneyo ndipo idzathyoka.

Masabata awiri kapena anayi oyambirira nsonga za zala za kumanzere zidzawawa, kenako khungu lidzakhuthala ndipo ululu udzatha wokha. Pa nthawi imeneyi mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse n'zokwanira, ndipo n'zopindulitsa kuposa kuimba tsiku lonse Loweruka mpaka kutuluka matuza. Matuza akatuluka apume kaye. Ayambe ndi makodi (magwiridwe a zala pa nsambo zingapo zoimbidwa pamodzi) atatu, G, C ndi D, kenako E minor, chifukwa ndi amenewa angathe kuperekeza makolasi ambiri amene akuwadziwa kale pamtima. Koma ya F, imene imafuna chala chimodzi kupanikiza nsambo zonse, idikire kaye miyezi ingapo. Gitala izitchunidwa nthawi iliyonse asanayambe kuimba, ndipo ngati pali foni yamakono pafupi, pali mapulogalamu aulere othandiza kutchuna.

Khumbo lake la gitala yamagetsi musalizimitse ayi, chifukwa ndilo likumukoka. Lankhulani ndi amene amatsogolera oimba ku tchalitchi kuti pa tsiku lokonzekera nyimbo azimulola kukhala nawo, ndipo akayamba kusintha makodi mosadodoma azimugwiritsako yamagetsi ija. Kumeneko adzaphunzira chinthu chimene ya bokosi siphunzitsa kwenikweni, ndicho kutontholetsa ndi chikhatho nsambo zimene sakuziimba, popeza ampulifaya amakweza chilichonse, chabwino ndi cholakwika chomwe. Mumuchenjezenso kuti akamva kunyerenyetsa kwa magetsi pa nsambo kapena pa maikolofoni, asiye pomwepo n'kuuza akuluakulu, makamaka pamene zida zikuyendera jenereta kapena mawaya olumikiza mwachisawawa, ndipo asamaimbe ali chosavala nsapato pa simenti yonyowa.

Kwa owerenga ena amene muli ndi magetsi odalirika, monga pa boma pa Mchinji kapena m'tauni ya Kasungu, ndipo thumba likulola kugula gitala ndi ampulifaya zabwino, yankho langa likanakhala lina: mwana amene mtima wake uli pa yamagetsi mugulireni yamagetsi, ndipo mumugulirenso mahedifoni kuti aziphunzira usiku osasokoneza anansi.

Inu mayi, pobwerera ku Lilongwe musaiwale chikwama cha gitalayo ndi paketi ina ya nsambo yapadera, chifukwa nsambo zing'onozing'ono zimaduka msanga ndipo kumudzi n'zosowa. Ikaduka asaikemo waya wa mabuleki a njinga monga timachitira pa mabanjo opanga tokha. Aziipukuta nsambo ndi kansalu kouma akamaliza kuimba kuti zisachite dzimbiri nthawi ya dzinja, ndipo m'mwezi wa Okutobala asaisiye padzuwa kapena kuipachika pafupi ndi malata, chifukwa kutentha kumasungunula guluu ndi kupinda khosi.