Ampu yanga ndiigulitse bwanji kwa oimba anzanga?

FUNSO: Akulu, ndine woimba gitala wa ku Kampepuza, ku Ntcheu. Ndili ndi ampulifaya ya Peavey Bandit 112 imene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg mu 2019. Ndikufuna kuigulitsa kuti ndipeze ya feteleza, poti masiku ano ndimangoimba kutchalitchi komwe zida zilipo kale. Imalira bwino, koma ndikapotokola batani la voliyumu imathetheka. Oifuna alipo awiri: mnyamata yemwe tinkaimba naye m'bandi, amene akuti azilipira pang'onopang'ono akamapeza maukwati, ndi kwaya ina ya ku Lizulu yomwe ikufuna kulumikizako kiyibodi ndi besi. Kodi za kuthethekazi ndiwauze? Mtengo ndiyambire pati? Nanga mnzangayu ndimpatse pangongole?

YANKHO: Achimwene, za kuthethekazo auzeni, ndipo muwauze musanatchule mtengo. Oimba kuno ndife ochepa. Amene mwamugulitsa lero mudzakumana naye paukwati ku Mlangeni kapena pamaliro ku Bawi, ndipo ampuyo ikadzamuchititsa manyazi pagulu, dzina lotchulidwa lidzakhala lanu.

Chilemacho n'chaching'ono. Kuseri kwa batani lililonse kuli kachipangizo kamene amisiri amati pot. Fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha kumapiri kwathu kuno zikalowamo, kamayamba kuthetheka. Mmisiri wa mawailesi pa boma amapoperamo mankhwala otsukira zida zamagetsi otchedwa contact cleaner n'kupotokola kangapo, ndipo zikakanika amangosintha kachipangizoko. Musathiremo palafini kapena mafuta a makina osokera. Musaitsegulenso nokha, chifukwa tizipangizo ta mkatimo totchedwa ma capacitor timasunga moto ngakhale mutazula pulagi.

Mmisiriyo aonenso fyuzi. Ndakonzapo maampu ambiri omwe fyuzi itapsa eni ake anangomangapo waya, ndiye tsiku lomwe magetsi abwera mwamphamvu imapsa ndi transifoma ya m'ampumo. Aone ndi pulagi yomwe. Za ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ndipo ambiri amaidula n'kumatsomeka mawaya awiri m'soketi ndi machesi, wachitatu uja ali lende. Wachitatuyo ndi wa earth, ndiye amateteza woimba. Zingwe za gitala zimalumikizana ndi ampu, choncho munthu akagwira gitala milomo n'kukhudza maikolofoni, akhoza kugwidwa ndi magetsi. Ikani pulagi ya mano atatu yolowa m'masoketi athu. Mphamvu ya magetsi isakudetseni nkhawa: ya ku South Africa ndi 230V ngati yathu. Zovuta ndi za ku America zolembedwa 120V kumbuyo, zomwe zimafuna transifoma yotsitsa mphamvu.

A kwaya aja ine sindingawagulitse, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Bandit ili ndi sipika imodzi ya mainchesi 12 m'bokosi lotseguka kumbuyo, ndipo anaipangira gitala. Mawu okuya a besi amakankha pepala la sipikayo kupyola muyezo wake. Iimba masabata angapo, kenako iyamba kunjenjemera mawu, mapeto ake kung'ambika. Ndalama za kwaya ndi zosonkha, ena agulitsa mandasi kuti zikwane, ndiye auzeni mwaulemu kuti iwo akufunika ampu ya kiyibodi kapena mikisa ndi sipika yake. Ngati ali ndi woimba gitala amene aziigwiritsa yekha, pamenepo mutha kukambirana.

Pa mtengo, iwalani za 2019. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zida zoimbira zonse n'zochokera kunja. Funsani m'masitolo a zida zoimbira ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti ampu ya gitala yatsopano ya mawati 80 ngati yanuyo ikupita pa zingati lero. Ine ndimayambira pamwamba pang'ono pa theka la mtengowo, kusiya mpata woti wogula anenerere. Musaitaye ayi. Peavey ndi kampani yakale, inayamba mu 1965 ku Meridian, m'chigawo cha Mississippi, ndipo Bandit imadziwika ndi kulimba. Ndi ya matranzisita, ilibe ma valve, timababu tagalasi tokuzira mawu tomwe kuno timavuta kupeza, ndiponso mawu ake amamveka bwinobwino pambali pa ng'oma za bandi.

Tsopano za mnzanuyo, pomwe pagona nkhani yonse. Sindikukayika kuti ndi munthu wabwino, ndipo pamene akulonjeza akunenadi zochokera pansi pa mtima. Koma taonani kalendala. Maukwati amachuluka anthu akakolola mpaka mvula isanagwe. Ikangoyamba, aliyense ali kumunda, mabandi amakhala pansi, ndipo nthawi yomweyo ndi imene inu mukufuna feteleza. Pofika January iye adzayamba kukuzembani pamsika, inu mudzayamba kumutumira mauthenga kudzera mwa anthu, ubwenzi wa zaka zambiri n'kuthera pa bokosi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Kulipira pang'onopang'ono mutha kumulola, koma ampu ikhale m'nyumba mwanu mpaka amalize. Lembani m'kope mtengo, tsiku lomalizira ndi ndalama iliyonse yomwe wapereka, pakhale ndi mboni imodzi yomwe nonse mumaipatsa ulemu. Akamatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndi bwino koposa, poti uthenga umatsala mufoni. Mugwirizanenso kuti tsikulo likakwana asanamalize, mumubwezera zake zonse n'kugulitsa kwa wina, ndiye ndalama zakezo musazidye msanga. Akapeza ukwati pakatipa, mubwerekeni kwa tsiku limodzi, ndipo madzulo ake abweze ampu ndi kachigawo ka zomwe wapeza. Mnzanu weniweni sangakhumudwe nazo zimenezi.

Tsiku loyesa abwere kwanu ndi gitala yake ndi kebulo yake, chifukwa phokoso lambiri lomwe timanamizira ampu limachokera ku kebulo yothyoka mkati. Muyesere pa magetsi, osati pa jenereta. Aimbe mokweza kwa theka la ola, pa clean (mawu osalala) ndi pa lead (mawu okhakhala) pomwe, apotokole batani lililonse, ayesenso reverb, yomwe imachititsa mawu kumveka ngati mukuimbira m'holo yaikulu. Zilema zina zimaoneka ampu ikatentha, ndipo ndi bwino zionekere pakhonde panu nonse muli pompo. Ngati footswitch, swichi yoponda ndi phazi posintha mawu, ilipo mumpatse, popeza payokha inu ilibe nanu ntchito.

Ponyamula, asaiike kubuti ya minibasi pansi pa matumba a kachewere, kapena kuimangirira panjinga ya kabaza m'msewu wa mabampu. Reverb yake ndi ya timasipuling'i tating'ono tomwe timaduka ndi kugwedezeka. Aikulunge m'bulangete, ailipirire mpando wake.