Ntchito zinayi mutu umodzi: yankho kwa asisi a ku Kapata

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa konkuno ku Chipata, amakhala cha ku Kapata, dzina sinditchula poti anandipempha. Nkhani yake mwachidule ili motere: m'mawa amakhala mu kabuthi ka mobile money ka amalume ake mpaka 1 koloko, masana amapanga maposita ndi makadi aukwati pa laputopu, Loweruka amajambula zithunzi m'makicheni pate ndi m'maukwati, Lamlungu amathandizanso kujambula kutchalitchi kwaulere. Koma mtima wake uli pa kujambula pamanja, penti ndi burashi, ndipo akuti yatha miyezi 7 asanagwire burashi. Anamaliza ndi mawu awa: "Ndatopa, ndimadzuka mtima ukugunda, foni ikalira ndimachita mantha. Ndisiye zonse kapena ndingopirira?"

Asisi, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo pa mawu oti foni ikalira mumachita mantha ndinaima kaye chifukwa mantha amenewo ndimawadziwa. Musasiye zonse, komanso kupirira kwamtundu umenewo ayi, kudzakugwetsani.

Ndikuuzeni kaye zanga. Mu 2024, chaka chija chilala chinachepetsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, ine mwezi wa Ogasiti ndinavomera ntchito zitatu sabata imodzi, maukwati awiri kuno mtauni ndi kukajambula gulu lina la alendo ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete. Magetsi ankabwera pakati pa usiku ndiye ndinkagona ndi switchi yoyatsa kuti babu ikangowala ndidzuke ndiyambe kutchaja mabatire ndi kukonza zithunzi. Usiku wachinayi, cha m'ma 2 koloko, maso akuwawa ngati muli mchenga, ndinafufuta memory card kuti ndipeze malo a zithunzi za ku Katete ndikuganiza kuti zithunzi za ukwati woyamba ndakopera kale. Ndinali ndisanakopere. Zina ndinazibweza ndi pulogalamu koma zamtchalitchi zonse, mphete, malumbiro, zinapita. Ndinapita ndekha kukawauza amayi ake a mkwatibwi, ndinawapeza akusenda nshawa pakhonde, anandipatsa kampando. Nditafotokoza sanakalipe ayi, anangoika lichero pansi n'kunena chapansipansi kuti "nanga adzukulu anga adzaona chani?" Ndalama ndinabweza koma funso lija mpaka lero limandipweteka, ndipo si kamera inalakwa, ndinali ine munthu wosagona masiku anayi chifukwa choopa kunena kuti ayi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndiye mmene ndinagwera ine.

Chimene ndinaphunzira pamenepo n'chakuti chimatopetsa kwenikweni si maola ogwira ntchito, koma ntchito zosatha zimene wasenza m'mutu. Amayi ogulitsa tomato pa Saturday Market amagwira kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, amatopa thupi inde, koma akatseka atseka. Ife a zaluso sititseka. Posita ya sukulu ija, alubamu ya anthu aja a mwezi watha, kasitomala amene akufuna musinthe mtundu wa zilembo kachisanu, onsewa amapita nafe kubedi. Ndiye choyamba, lero lomwe, gulani buku la hadikava, lembani chilichonse chimene munalonjeza munthu, dzina lake, ntchito, tsiku lomwe munanena, ndalama zomwe analipira ndi zotsala. Osati mufoni, chifukwa mukatsegula foni mupezamo mauthenga ena 30. Mudzaona kuti mndandanda ndi wautali koma uli ndi mathero, pamene m'mutu umaoneka ngati ulibe. Amene mwawachedwetsa muwaimbire inuyo asanakuimbireni, muwapatse tsiku loona ngakhale likhale lakutali. Mantha a foni aja theka lake amathera pamenepa.

Manje nkhani yaikulu. Ife a kuno Kum'mawa tinakulira m'minda ndiye mundimva. Palibe mlimi amene amapatsa munda wa chimanga, dimba, nkhuku ndi kagolosale mphamvu zofanana tsiku lililonse. Amadziwa kuti chakudya cha pakhomo chili mumunda, dimba ndi la ndiwo ndi ya sopo, ndipo chilichonse chili ndi nyengo yake. Inuyo ntchito zanu zinayi mukuzitenga ngati zonse ndi munda, zonse n'zachangu, zonse mukalephera ndiye kuti mwalephera moyo. Tsegulani buku lija, muwerengere miyezi itatu yapitayi, ntchito iliyonse yabweretsa zingati ndipo yadya maola angati. Ine nditachita izi ndinadabwa, maposita amene ankandidyera masana onse ndi mabandulo ankabweretsa zochepa kuposa ukwati umodzi wolipidwa bwino. Zanu zitha kutuluka mosiyana, koma ziwerengero zikuuzani kuti munda wanu ndi uti, ndipo imene ikudya nthawi yambiri n'kumabweretsa zochepa ndiyo yoyamba kuidula kapena kuikweza mtengo.

Za nyengo nazonso zili chimodzimodzi. Anthu akakolola n'kugulitsa soya, nshawa ndi chimanga ndalama zimayamba kuyenda, maukwati ndi makicheni pate amachuluka chilimwe chonse mpaka Disembala. Januwale aliyense ali pa za sukulu ndi za kumunda, foni imakhala zii, kupatula cha kumapeto kwa Febuluwale pamene Nc'wala ya ku Mtenguleni imadzaza tauni ndi alendo. Kale miyezi yachete ija ndinkaitha ndi nkhawa, kuthamangira tintchito ta K50. Pano ndimasunga pang'ono nthawi ya maukwati, ndili mu chilimba ndi anzanga asanu, timasonkherana ndalama mosinthana, kuti miyezi ya mvula ikhale ya ntchito ya mtima wanga. Kwa inu imeneyo ikhale miyezi ya burashi. Koma musadikire Januwale ayi, miyezi 7 yakwana. Sankhani m'mawa umodzi kapena madzulo amodzi pa sabata, maola awiri chabe, foni mukaisiye chipinda china, ndipo munthu akapempha nthawi imeneyo mumuuze kuti "ndili ndi kasitomala kale". Si bodza, kasitomalayo ndi inu. Ndipo musadziuze kuti zojambula pamanja zilibe msika kuno, ku Mfuwe a Tribal Textiles akhala akupenta nsalu pamanja kwa zaka zambiri ndipo alendo opita ku South Luangwa amagula, m'malo ogona alendo ndi m'maofesi makoma amafuna zithunzi.

Za makasitomala ndinena mwachidule poti n'zosavuta kumva ngakhale zimavuta kuyamba. Theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena MoMo musanatsegule laputopu. Kusintha posita kawiri n'kwaulere, kachitatu alipire. Mukaona kuti ntchito itha Lachitatu, nenani Lachisanu, chifukwa magetsi, maliro ndi malungo sizipanga apointimenti. Pezani SIM yachiwiri ya bizinesi, ikakwana 7 koloko madzulo muitseke. Ena adzakwiya n'kupita kwa wina wotchipa, apite, amenewo ndi omwe amaimba 11 koloko usiku. Ndipo zithunzi muzikopera malo awiri musanafufute khadi, chonde, izi ndikunena ndi mtima wonse.

Povuta penipeni ndi pa amalume ndi kutchalitchi, ndikudziwa, chifukwa amenewa si makasitomala oti mungawatumizire mtengo pa WhatsApp. Mwanena kuti amalume ndi amene anakulipirirani sukulu, ndiye kukana kumamveka ngati kusayamika. Musawalembere meseji. Pitani kunyumba kwawo Lamlungu madzulo, mukhale pansi mwaulemu, muyambe ndi kuthokoza, kenako muwaonetse buku lija kuti aone ndi maso awo zimene mwasenza. Musanene kuti ndasiya, pemphani masiku atatu m'malo mwa asanu ndi limodzi, ndipo mubwere ndi dzina la msuweni kapena mwana wina wapabanja amene mungamuphunzitse za float (ndalama zogwirira ntchito mu kabuthi) ndi kulemba mabuku. Akuluakulu ambiri sakana ukabwera ndi njira, amakana ukabwera ndi vuto lokha. Kutchalitchi nakonso, achinyamata alipo ofuna kuphunzira kamera, phunzitsani awiri muzisinthana masabata, inunso mukhaleko pabenchi n'kumva ulaliki ngati munthu wina aliyense, chifukwa zimandimvetsa chisoni kuti tsiku limodzi loti mupume ndi lomwe mwaimirira maola anayi kumbuyo kwa kamera.

Chimodzi ndikupempheni musalowemo ngakhale mutapanikizika bwanji: kaloba. Ndaona anzanga akukongola kuti agule lenzi kapena invata poganiza kuti zida zatsopano zichepetsa ntchito, mapeto ake chiwongoladzanja chimawakakamiza kuvomera ntchito iliyonse, kutopa kuja n'kuwirikiza. Chida chidikire chilimba.

Tibwerere ku mtima wogunda uja, sindikufuna tiudumphe. Thupi likakhala pa nkhawa nthawi yaitali limakhala ngati likuthawa chilombo usana ndi usiku, tulo timasowa, mutu umawawa, chakudya sichikoma, umaiwala tinthu tating'ono, ndipo munthu wosagona ndi amene amafufuta khadi. Pitani ku kiliniki akakuyezeni BP ndi magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumagunditsa mtima ndi kufooketsa, ndipo muwauze anesi zonse mmene mwandiuzira ine, osangoti mutu ukuwawa. Ngati pali masiku amene mumalira popanda chifukwa, kapena maganizo oti bola kungochoka padziko, musagone nawo nokha, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala, si ufiti ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi matenda amene amathandizika.

Mukatha kulemba m'buku muja mundilemberenso, mundiuze kuti zatuluka ntchito zingati ndi imene mwasankha kuidula, tiwerengere limodzi mitengo yanu ya maukwati poti ndikukayika kuti mukutchipitsa kwambiri. Ndili ndi matubu a penti ya acrylic ndi kanvasi ziwiri zimene mwana wa achemwali anga anasiya popita ku Lusaka, zangokhala pamwamba pa kabati. Mukadutsa cha ku Down Shops Lachinayi masana mudzazitenge.