Achimwene, a ku Japan sanangokopera azungu ayi

Achimwene mwafunsa kuti kodi a ku Japan ali ndi maganizo awoawo pa nkhani ya media ndi kulankhulana kapena amangotsatira azungu ngati Marshall McLuhan, katswiri wa za media wa ku Canada uja, ine ndiyankhe poti nkhani imeneyi ndimayikonda zedi. Za McLuhan nzoona, cha m'ma 1967 anatchuka kwambiri ku Japan mpaka anthu a bizinesi ndi otsatsa malonda ankangomutchula, koma kumeneko maganizo awo anali atayamba kalekale iye asanamveke.

Kusukulu timayamba ndi chithunzi chija cha Shannon ndi Weaver cha 1949, wotumiza uku, wolandira uku, uthenga ukudutsa pakati ngati kalata. Nde a ku Japan ambiri chidwi chawo sichili pa kalatayo, chili pa mpata uli pakati pa anthu awiriwo. Watsuji Tetsuro, katswiri wa filosofi amene anamwalira mu 1960, anatenga mawu akuti ningen, ndiye kuti munthu, nkuonetsa kuti amalembedwa ndi zilembo ziwiri, china chimatanthauza munthu china chimatanthauza pakati. Kwa iye munthu sayamba ali yekha kenako nkumakasaka anzake oti alankhule nawo ayi, ubale ndi umene umayamba, iye ankautcha aidagara, ndipo mawu amabadwira mmenemo. Ine nditangowerenga ndinakumbuka zathu zija zoti kali kokha nkanyama tili awiri ntianthu, zikufanana ndithu ngakhale sizinachokere kumodzi.

Koma amene ndikufuna mumudziwe bwino ndi Nakai Masakazu, chifukwa ambiri samutchula koma ndi munthu woti anachita zimene ankalemba. Mu 1936 analemba nkhani ya mmene komiti imaganizira, mfundo yake inali yoti kuganiza kumasintha malinga ndi chida chimene anthu akugwiritsa ntchito, nthawi yolankhula pakamwa kunali kwina, pobwera zolemba kunasintha, pobwera makina osindikiza kunasinthanso, ndiye tsopano anthu akuyenera kuganizira limodzi ngati gulu, kupereka ganizo, kukambirana, kuliyesa, kuona polakwika nkubwereranso. Za filimu ananena chinthu chimene mpaka lero chimandigwira mtima, akuti m'chiganizo muli kamawu kolumikiza konga "ndi" kapena "si", koma mufilimu mulibe, amangokuonetsa chithunzi ichi kenako icho, wolumikiza ndi iwe woonera. Ndiye woonera si thumba longolandira, akugwira nawo ntchito. Ndipo sanathere pa zolemba, mu 1936 momwemo iye ndi anzake anayambitsa kanyuzipepala ku Kyoto kotchedwa Doyobi, kutanthauza Loweruka, ankakasiya m'malo omwera khofi ndipo zambiri zinkalembedwa ndi owerenga eni ake, taganizani nthawi imeneyo asilikali akulamulira chilichonse. Mu 1937 anamumanga, kanyuzipepala nkutha. Nkhondo itatha anadzakhala wachiwiri kwa mkulu wa laibulale ya nyumba ya malamulo ya dziko lawo mu 1948, anamwalira 1952.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amangotamanda kuti a ku Japan amamvana osalankhula, nzabwino eti, koma eni ake anaona kuopsa kwake. Yamamoto Shichihei mu 1977 analemba buku lofufuza kuuki, mawuwa amatanthauza mpweya, koma iye ankanena mpweya uja umakhala m'chipinda anthu akakhala pamsonkhano, woti aliyense akudziwa zimene sizinenedwa ngakhale palibe waletsa. Chitsanzo chake chinali sitima yankhondo ya Yamato imene inatumizidwa ku Okinawa mu Epulo 1945 popanda ndege zokwanira zoyiteteza, akuluakulu a zankhondo ankadziwa kuti sikabwerako koma palibe anatha kuletsa, inamizidwa pa 7 Epulo ndipo anthu pafupifupi 3,000 anafera pomwepo. Ukafunsa kuti analamula ndani, yankho limakhala loti mpweya wa nthawiyo ndi umene unali choncho. Zimandiwawa kwambiri ndikaganiza kuti anyamata onsewo anapita chifukwa anthu ochepa m'chipinda anaopa kuwononga mgwirizano. Watsuji yemweyo anthu amamudzudzula kuti maganizo ake a ubale anafika poyika boma pamwamba pa munthu nthawi ya nkhondo, ndipo Tosaka Jun amene ankamutsutsa anafera kundende mu Ogasiti 1945. Mpaka pano mawu a kuuki aja alipo, cha m'ma 2007 achinyamata ankanena KY kutanthauza munthu wosatha kuwerenga mpweya.

Pa za makono ndingodutsa mwachangu. Umesao Tadao mu 1963 analemba kale kuti kukubwera nthawi yoti chuma chidzadalira uthenga, ndipo anati mtengo wa uthenga uli ngati chopereka kwa wansembe wachibuda, sumayeza pa sikelo, umatengera kuti wopereka ndi ndani wolandira ndi ndani. Azuma Hiroki mu 2001 anati okonda anime, makatuni a ku Japan aja, sakutsatanso nkhani yonse, akungotola tizidutswa, maso otere tsitsi lotere, ngati akusankha mu database. Ndiye pali Niconico, webusaiti ya mavidiyo yoyamba mu 2006, pamene zimene anthu alemba zimayenda pamwamba pa vidiyo yeniyeniyo pa sekondi imene munthu analembera, ndiye iwe ukuonera wekha usiku koma ukumva ngati muli chigulu mukuseka limodzi, chonsecho enawo anaonera dzana. Hamano Satoshi analemba za zimenezi mu 2008. Ngakhale ma emoji timatumizirana daily aja, Kurita Shigetaka anapanga okwana 176 ku kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo mu 1999 kuti uthenga waufupi wa pafoni uzinyamulako nkhope ndi mtima wa wolemba.

Ngati ndi za asayimenti, ine ndikanati musaunjike mayina onsewa, tengani Nakai ndi Yamamoto muwayike pamodzi, mmodzi akukhulupirira kuti gulu lingathe kuganiza bwino kuposa munthu mmodzi, winayo akuonetsa gulu lomwelo likutseka anthu pakamwa. Kuti muyambe mosavuta sakani buku la Media Theory in Japan la 2017, anakonza ndi Marc Steinberg ndi Alexander Zahlten, lili m'Chingerezi ndipo muli mutu wa Nakai.