Abwana akati "I'm afraid", akuopa chiyani?

Mchemwali wina amene amasamalira okalamba ku Manchester wandilembera imelo. Akuti atapempha kuti apume Lamulungu, abwana anamuyankha kuti "I'm afraid that's not possible", iye n'kudabwa kuti chikuwaopsa n'chiyani. Akufunsanso mawu oti azilemba mu lipoti agogo akamaoneka amantha, poti iye amangodziwa afraid basi.

Achemwali, abwana anuwo sankaopa kanthu. Ku Britain, "I'm afraid" akabwera kutsogolo kwa nkhani yosakoma amatanthauza "pepani, koma". Ndi kukana kwaulemu, ndipo inunso muziyamba choncho pouza achibale a agogo kuti nthawi yocheza yatha.

Za lipotizo ndiye zandikhudza kwambiri, chifukwa namwino amachitapo kanthu potengera zimene mwalemba. Muziyamba mwadzifunsa kuti choopsacho chafika kale kapena chikadali m'njira. Chikakhala chafika, monga pamene agogo adzidzimuka ndi phokoso usiku, lembani frightened kapena scared. Tanthauzo lake ndi limodzi, kungoti scared amamveka kwambiri pocheza. Terrified musungire tsiku limene munthu akunjenjemera, akukuwa, wakukakamirani dzanja osafuna kulisiya. Mukalemba mawu amenewa pa nkhani yaing'ono mudzathamangitsa anthu pachabe, ndipo tsiku limene zidzavutedi adzachedwa kukukhulupirirani.

Chikakhala chili m'njira, imeneyo ndi nkhawa. Agogo amene mawa akupita kuchipatala ndipo mtima uli m'mwamba ali nervous, kapena apprehensive mukafuna mawu a m'kalata. Worried amayenda ndi chifukwa chodziwika, monga mwana amene sanaimbe foni. Anxious ndi nkhawa yosatherapo, yosowetsa tulo, ndipo kwa achipatala anxiety imatha kukhala matenda ofuna chithandizo, choncho muzilembanso zimene mwaona ndi maso anu. Dread ndi kuopa kolemetsa chinthu chimene ukudziwa kuti sungachithawe. Uneasy ndi pamene mtima sukukhazikika koma munthu sakutha kunena chifukwa chake. Okalamba amene ayamba kuiwalaiwala amakhala choncho kawirikawiri dzuwa likamalowa.

Samalani mathero a mawu. "She is frightened" ndiye kuti akuopa, koma "she is frightening" ndiye kuti iyeyo ndi amene akuopsa anthu. Ndikukupemphani, musalembere mayi a eni ake zachiwirizi mwangozi. Komanso afraid saima kutsogolo kwa dzina. Amati "a frightened man", osati "an afraid man". Nayonso "I am fearing" imene timaikonda kwathu ija kumeneko siimveka bwino.

Pa zinthu zosakoma, awful, terrible ndi horrible, amene kale ankanena za zinthu zochititsa mantha, masiku ano amangotanthauza kuipa kwambiri, kaya ndi chakudya kaya ndi nyengo. Terrific ndiye anatembenukiratu, ndi mawu oyamikira. Disgusting ndi chonyansa chochititsa nseru, ndipo musadzatchule mawu amenewa pamene mukusambitsa munthu kapena kumusintha zofunda, ngakhale monong'ona. Mu lipoti, "an unpleasant smell" akukwanira.