Matumba a mchenga akukwanirani

Achimwene, musataye ndalama pa chotsamiritsa mfuti chachitsulo. Poti mwati mukungofuna kuti mfuti yanu ya mpweya izilasa pamene mwaloza pa mamita 25, matumba awiri a mchenga akukwanirani. Dulani miyendo ya jinzi yakale, muthiremo mchenga wouma wosefa, musoke. Musadzazitse, thumba lizibonyoka mukalikanikiza ndi chala. Lalikulu likhale kutsogolo pansi pa thabwa la mfuti, osati pansi pa mpope. Laling'ono liyikeni kumbuyo, muzilifinya pang'ono pokweza kapena kutsitsa.

Ine ndinayamba ndi njerwa, ndipo ndinataya zipolopolo zambiri ndikunamizira mfuti. Mfuti ya mpweya ya sipuling'i imagwedezeka chipolopolo chisanatuluke, ndiye ikagona pa chinthu cholimba imadumpha, zipolopolo n'kumwazika.

Mukafuna kuombera choimirira, mangani nsungwi zitatu ndi mphira wa chubu cha njinga, monga ndodo zomwe alenje a ku Luangwa amatsamiritsapo mfuti.

Koma zoboola thabwa kuti muyikepo bipod (miyendo iwiri yotsamiritsira mfuti), asiyireni akatswiri okonza mfuti, lingang'ambike. Za chilolezo ndi malo oyeserera, kafunseni kupolisi musanayambe.