Mafunso ndi Mayankho: Kodi achimwene anga a ku America akutinamiza?

Funso: Akonzi, achimwene anga akhala ku Texas zaka zisanu tsopano, ndipo tikawapempha thandizo amati zinthu sizili bwino. Koma ndinawerenga kuti banja la ku America limapeza madola oposa 80,000 pachaka. Kodi akutinamiza?
Mayi wa ku Kasungu

Yankho: Mayi, zomwe munawerengazo n'zoona. Bungwe la boma loona za kalembera ku America, la Census Bureau, linapeza kuti m'chaka cha 2023 banja lapakatikati linkapeza madola 80,610. Koma mawu akuti "lapakatikati" akutanthauza kuti theka la mabanja onse linkapeza ndalama zosafika pamenepo. Komanso ndalamazi ndi za onse a pakhomopo, omwe kawirikawiri amakhala anthu awiri ogwira ntchito, ndipo amaziwerenga msonkho usanachotsedwe. M'chaka chomwecho banja lapakatikati la anthu akuda linkapeza madola 56,490, ndipo anthu 36.8 miliyoni, kapena kuti 11 mwa anthu 100 alionse, anali pa umphawi malinga ndi muyeso wa dzikolo.

Ku Texas komwe kuli achimwene anuko, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi madola 7.25 pa ola, ndipo sanakwezedwepo chiyambire 2009. Munthu wolandira zimenezi akagwira ntchito maola 40 pa sabata chaka chonse osapumula, amapeza madola 15,080 basi. Ambiri amalandira zoposa apo, komabe obwera kumene nthawi zambiri amayambira ntchito za pansi, monga kusamalira okalamba, kunyamula katundu m'nyumba zosungiramo katundu kapena kuyeretsa m'maofesi.

Cholakwika chomwe ambirife timachita n'chakuti tikangomva madola timathamangira kuwasintha kukhala makwacha, kuiwala kuti mwini wakeyo amawagwiritsa ntchito komweko, pa mitengo ya komweko. Pafupifupi theka la mabanja ochita lendi ku America limapereka ndalama zoposa madola 30 pa madola 100 alionse omwe apeza kulipirira nyumba yokha. M'madera ambiri mulibe maminibasi ngati kuno, moti pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse amapita kuntchito pa galimoto ali okhaokha, ndipo galimotoyo imafuna mafuta, inshulansi ndi ngongole yobweza mwezi ndi mwezi. Kumeneko galimoto imene mumaiona pa chithunzi cha pa Facebook ndi khasu lolimira, chifukwa popanda iyo ntchito yatha.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya chipatala. Ku America kulibe dongosolo la boma lothandiza aliyense kwaulere, ndipo anthu ambiri amapeza inshulansi ya zaumoyo kudzera kwa owalemba ntchito, kotero kuti ntchito ikatha inshulansi nayonso imatha. Mu 2023 anthu oposa 26 miliyoni analibe inshulansiyi chaka chonse, ndipo Texas ndi chigawo chomwe chinali ndi anthu ochuluka kwambiri otere poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, pafupifupi 16 mwa 100 alionse. Banki yayikulu ya dzikolo, ya Federal Reserve, itafunsa anthu chaka chomwecho ngati angathe kulipira madola 400 pa vuto ladzidzidzi ndi ndalama zomwe ali nazo, 63 okha mwa 100 alionse ndi omwe anati angathe.

Ziwerengerozi zikusonyeza kuti zomwe achimwene anu amanena ndi moyo wa anthu mamiliyoni ambiri kumeneko. Mukadzalankhulana nawo, afunseni modekha kuti lendi amalipira zingati, amagwira ntchito maola angati pa sabata, komanso ngati ali ndi inshulansi ya kuchipatala, kenako mugwirizane za ndalama yochepa yomwe angamakwanitse kutumiza mwezi uliwonse popanda kulowa m'ngongole.